Alamu Anga ndi Mipando ya Bulu

Alamu anga amasoka mipando ya galimoto. Ndikanena choncho anthu amaganiza za telala wa pakhonde wopondaponda kamakina, koma si zimenezo. Shopu yawo ndi chipinda chachitali kuseri kwa sitolo ya matayala, ndipo ukalowa fungo la guluu limayamba kukupatsa moni eni ake asanatukule mutu. Kumanzere kuli tebulo lodulirapo, lomwe kale linali chitseko. Kumanja kuli makina akuda amene amaboola chikopa chopinda kanayi osadandaula. Pamisomali ya kukhoma papachikidwa makatoni odulidwa mosiyanasiyana, onse olembedwa ndi choko, ndipo amenewo ndiwo mapatani awo. Msewu wonse umawatchula kuti Mayi a Siponji, ndipo iwo amavomera.

Anakwatiwa ndi achimwene anga ine ndili pasukulu, zaka makumi atatu ndi zinayi zapitazo. Poyamba sindinkawakonda. Kwathu timalankhula tonse nthawi imodzi, ndiye munthu wa chete ngati iwo ndinkamuona wonyada. Ndinadzazindikira mochedwa kuti munthu amene wakula atalumira mapini pakamwa amaphunzira kusankha mawu. Bambo awo ankakonza masofa, ndipo alamu anakula akuzula timisomali m'mipando ya anthu. Atakula anayamba kusoka madiresi a ukwati, ntchito imene ankadana nayo chifukwa mkwatibwi aliyense ankabwera ndi azakhali atatu, aliyense ndi maganizo ake pa khosi la diresi.

Achimwene ankayendetsa galimoto ya kampani yokumba zitsime, galimoto ija ya matayala akuluakulu yoyenda kopanda msewu. Dzina lake lenileni linali la zilembo ndi manambala, ndipo palibe ankalikumbukira. Tonse tinkati Bulu. Sankathamanga, nkhope inali yosakongola, koma ukamusenzetsa ankanyamula, ukamulozera phiri ankakwera, ndipo matope omeza magalimoto ena iye ankangowapondaponda n'kudutsa. Alamu anaphunzirira kuyendetsa pa Bulu yemweyo, ndipo tsiku loyamba anatsika akunena kuti galimotoyi anaipangira munthu wa chiuno chokhota. Achimwene anaseka. Nthawi imeneyo anali adakali ndi msana wosekera.

Tsiku lina mpando wa achimwene unang'ambika, alamu n'kuusoka ndi singano yamanja, chala atachikulunga kansalu. Madalaivala anzawo ataona anabweretsa mipando yawo. Chaka chisanathe madiresi anali atasamuka m'nyumbamo, malo awo atalandidwa ndi mipando yonunkha dizilo.

"Mpando suyankha," ankatero alamu. "Komanso subwera ndi azakhali."

Ine ndimagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala mumsewu womwewo, ndiye nthawi yopuma masana ndimakathera kushopu kwawo, nditakhala pa mpando wa munthu wina umene ukudikira singano. Ndaona mmene amagwirira ntchito. Kasitomala akabwera samufunsa zambiri. Amamuuza kuti akhale pampando wake, iwo n'kumanamizira kufunafuna sizasi. Munthu akaiwala kuti akuonedwa amakhala mmene amakhalira masiku onse, ndipo pamenepo ndi pamene alamu amamuyeza ndi maso.

Alinso ndi chizolowezi chimene osoka mipando ena alibe. Siponji yakale ya mpando wa dalaivala sataya. Ena amaiwotcha kapena kuipereka kwa oweta agalu, koma iwo amaimanga kachingwe n'kuiika pashelefu yapamwamba. Amati siponji sinama. Munthu angakuuze kuti amakhala mowongoka, koma siponji yake imasunga mmene amakhaliradi: kumene amatsamira, mwendo umene umagwira ntchito kwambiri, ngakhale thumba limene amaikamo chikwama.

Ndiye masiponji a Bulu onse ankanena chinthu chimodzi. Anandionetsa tsiku lina, atandandalika asanu patebulo. Onse anali ataphwa mbali imodzi mpaka kupyapyala ngati chikhatho, ndipo chakumbuyo, pamene pamafika fupa la kumapeto kwa msana, panali mzere wakuda wa dzimbiri.

"Taonani, alamu," anatero. "Chiwongolero cha Bulu sichili pakati pa mpando. Chinapatuka zala zitatu. Zopondera nazo zinapatukira kwina. Ndiye munthu amayendetsa atapotoka, mapewa uku, chiuno uko. Pansi apa pali chitsulo chopingasa. Siponji ikaphwa, bampu iliyonse imakafika pamsana osapumira pena. Tsiku limodzi si kanthu. Nanga zaka makumi awiri?"

Eni a Bulu ankadziwa, chifukwa misana ndi yawo. Koma ankabwera mmodzimmodzi, atayang'ana kaye ngati mnzawo sali pafupi, ndipo nyimbo inali imodzi. "Mayi, muwonjezereko kasiponji mbali iyi. Osati ine ndikumva kanthu ayi. Akudandaula ndi mayi akunyumba." Mayi akunyumbawo anali asanagwirepo chiwongolero chibadwire. Alamu ankangovomera ndi mutu, n'kudula siponji yolimba yopendekera, n'kukulunga chitsulo chija ndi mphira. Sanaululepo munthu. Amati pa ntchito yawo umaona zimene munthu amakhalira, ndiye pakamwa pamafunika zipi.

Fakitale inasiya kupanga Bulu zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Inati anthu akufuna magalimoto ofewa, a nyimbo ndi mphepo yozizira. Eni a Bulu analira ngati amasiye, kenako anayambitsa gulu. Amakumana Loweruka loyamba la mwezi pabwalo la galaja ina, amatsegulirana maboneti, amasinthana zitsulo, ndipo amasimba nkhani zomwezomwezo, zimene zimanenepa chaka ndi chaka. Mtsogoleri wawo ndi a Tcheya, bambo wa mimba yake, wogulitsa mapaipi, amene amalankhula za Bulu wawo ndi chikondi chimene akazi awo sanachilawepo. Koma wolemekezeka kuposa onse ndi achimwene anga. Amawatchula kuti a Kaputeni. Anayendetsa Bulu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, anakokapo basi yodzaza anthu pamatope, ndipo ambiri a m'gulumo anaphunzira kuwoloka mtsinje atakhala pambali pawo.

Gulu lonse linkadziwa kuti a Kaputeni anasiya kuyendetsa chifukwa cha maso. Maso a achimwene anga amawerenga nambala ya galimoto ili kutsidya kwa mlatho. Chimene chinawatsitsa pampando ndi msana. Kwa zaka zisanu ndi zinayi masokosi ankavala atagona chagada, zingwe za nsapato ankawamangira ndi alamu, ndipo mapiritsi opha ululu ankachokera kwa ine, m'kapepala kopanda chizindikiro cha sitolo, ngati tikugulitsana chamba. Kumsonkhano wa gulu ankafika oyamba kuti pasapezeke wowaona akukhala, ndipo ankachoka omaliza kuti pasapezeke wowaona akudzuka. Anthu ankati, "A Kaputeni ndiye amasunga nthawi." Ine zinkandipsetsa mtima, ndipo ndinkawauza kuti wobisa matenda amaululidwa ndi maliro. Ankandiyankha kuti, "Iwe gulitsa mankhwala, ulaliki usiyire abusa."

Komabe ndinkawamvetsa. Bulu anaphunzitsa ana awo atatu, anawamangira nyumba, anawapatsa dzina. Kunena pagulu kuti Bulu yemweyo anawawononga msana, kwa iwo kunali kunyoza dzanja limene linawadyetsa. Ndipo munthu amene anzake amamuona kuti ndi chitsulo safuna adziwe kuti nsapato amamumangira ndi mkazi.

Chaka chino kunabwera nkhani yoti kampani yopanga Bulu ija yapeza mabwana atsopano, ndipo akuganiza zoyambiranso kupanga Bulu. Asanagamule ankatumiza anthu kuti akamve maganizo a eni magalimoto akale. Gulu linakumana mwadzidzidzi n'kugwirizana mfundo imodzi: Bulu abwerere monga analili, asasinthidwe ngakhale bawuti imodzi. A Tcheya analemba mawuwo pansalu yaitali, ndipo a Kaputeni anapemphedwa kuti adzakhale kutsogolo, anthu a kukampani adzaone umboni wamoyo.

Lamulungu masana ndinapita kwawo kukasiya mapiritsi. Ndinapeza achimwene atagona pansi pabalaza, miyendo ataika pampando, monga amachitira ululu ukakula. Alamu ankasita malaya oti achimwene akavale kumsonkhano wa anthu a kukampani aja. Anaimika simbi.

"Bambo, ine ndikalankhula kumsonkhano kuja," anatero.

"Mukalankhula chiyani? Muli ndi Bulu inu?"

"Ndasoka mipando yake yambiri kuposa imene nonsenu mwakhalirapo. Ndikawauza kuti galimoto ibwerere, koma mpando ndi chiwongolero akonze."

Achimwene anatembenuza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye anthu akamva mkazi wa a Kaputeni akunena za msana, akaganiza za msana wa ndani? Mukufuna kundivula pagulu?"

"Sindikakutchulani. Siponji yanu ndiisiya pashelefu."

"Zaka makumi atatu ndi zinayi sindinakuletsenipo kanthu, mayi. Ichi chokha ndikukupemphani."

Alamu anatola simbi, n'kuiikanso.

"Akapanga Bulu watsopano ndi mpando womwe uja," anatero, "adzakwera mwana wa munthu, wa zaka makumi awiri ndi zisanu, wokhala ndi kamkazi kake kosekaseka. Zaka zikadzapita, kamkazi kaja kazidzagwada m'mawa uliwonse kumumangira nsapato. Ine kugwada sindidandaula. Koma ndikadziwa n'kukhala chete, ndiye kuti chitsulo chija ndachiika ndine."

Achimwene anayang'ana kudenga. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiikepo mlomo, koma alamu anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinatseka. Za m'banja la eni, ngakhale uli mlongo, umaonera patali.

Masiku atatu achimwene sanawalankhule. Koma mkwiyo wa munthu womangiridwa nsapato ndi wovuta kuusunga. M'mawa uliwonse ankakhala m'mphepete mwa bedi, nkhope atalozetsa kuwindo, phazi atalitambasula, alamu n'kugwada, kumanga, n'kudzuka, popanda wonena kanthu. Alamu anandisimbira izi akuseka, misozi ili m'maso. Ankaopa. Osati kuti achimwene angawasiye. Munthu wosatha kumanga nsapato angathawire kuti? Ankaopa kuti akalanda achimwene ulemu wokhawo umene unawatsalira, ndipo zaka zotsalazo adzakhala m'nyumba imodzi ndi munthu wowaona ngati mdani.

Lachisanu masana ndinawapeza atakwera pa kampando, akutsitsa masiponji. Sankasankha oipitsitsa ayi. Ankatenga a anthu osiyana, wonenepa ndi woonda, wamtali ndi wamfupi, kuti wina asadzanene kuti vuto ndi kulemera kwa munthu. Kumapeto kwa shelefu kunali imodzi yokulungidwa m'pulasitiki. Ndinaidziwa, inali ya achimwene. Inali itaphwa mpaka kubooka, moti ukaikweza kuwala kunkadutsa.

"Tengani iyo," ndinatero. "Iyo yokha ikukwanira. Dzina musatchule."

"Akaidziwa eni ake."

"Akaidziwe. Zaka zonsezi mwawanyengerera mokwanira. Achimwene anga ndi ouma mutu chibadwire, ndimawadziwa ine."

"Inu mumawadziwa ngati mlongo," anatero alamu akutsika. "Ine ndimawaona m'mawa. Mawu ndinapereka, alamu. Munthu amene watsala ndi chinthu chimodzi sumulanda n'cholinga choti upambane mkangano."

Ndinawauza kuti popanda siponji imeneyo akukaluza. Anati mwina. Kenako anandipatsa chingwe kuti ndigwire, iwo akumanga matumba.

Msonkhano unachitikira m'sitolo yoonetsera magalimoto atsopano, Loweruka m'mawa. Anakankhira magalimoto onyezimira kukhoma, n'kuyala mipando yapulasitiki pa matailosi oterera. Panja a Bulu anali atandanda pafupifupi makumi atatu, ena otsukidwa, ena atasiyidwa dala ndi matope kuti aoneke kuti amagwira ntchito. Achimwene anali atafika kale, atakhala kutsogolo, malaya osita, manja pamaondo. Ine ndi alamu tinakhala kumbuyo, matumba awiri akuluakulu ali pamapazi pathu.

A kukampani anali awiri: bwana wa tayi amene ankayang'ana wotchi pafupipafupi, ndi mtsikana wina, injiniya, wovala nsapato zachimuna, ali ndi kope ndi cholembera. Amuna analankhula motsatizana, ndipo ndisaname, zambiri zimene ananena zinali zoona. Dokotala wa ziweto anati kuli midzi imene magalimoto atsopano safikako nthawi ya mvula, ndipo Bulu wake akadzafa sakudziwa kuti ziweto za kumeneko adzazifikira bwanji. Mlimi wina anati magalimoto a masiku ano akadwala amafuna kompyuta, pamene Bulu umamuchiza ndi sipanala ndi waya uli pansi pa mtengo. Injiniya ankalemba. Kenako a Tcheya anatambasula nsalu ija, anthu n'kuwomba m'manja mpaka magalasi a sitolo kunjenjemera.

Bwana wa tayi anafunsa ngati patsala wina. Alamu anakweza dzanja.

Tinakoka matumba aja pakati pa mipando, anthu akusuntha miyendo. Alamu sanapite pa maikolofoni. Anagwada pansi n'kuyamba kundandalika masiponji, khumi ndi awiri, mzere umodzi, onse ataphwera mbali imodzi, onse ndi chizindikiro cha dzimbiri. Manong'onong'o anayamba. Ndinaona dokotala wa ziweto akuyang'anitsitsa yachinayi, kenako n'kuvula magalasi ake kumawapukuta.

"Ine ndimasoka mipando," anatero alamu. Mawu awo ndi aang'ono, ndiye anthu anachita kukhala chete kuti amve. "Bulu wandidyetsa, ndipo ndikufuna abwerere kuposa nonsenu. Koma awa ndi masiponji a mipando ya madalaivala. Eni ake sindiwatchula." Anafotokoza za zala zitatu zija, za zopondera, za chitsulo chopingasa, akuloza ndi choko. Injiniya anasiya mpando wake n'kudzanyonyomala pafupi nawo, akusisita mzere wa dzimbiri ndi chala.

A Tcheya anaimirira akuseka, koma kuseka kwake kunali kwa pamano pokha. "Mayi athu tikuwathokoza. Koma siponji imatha, ngakhale matiresi amatha. Ndani mwa ife wadandaulapo? Mukayamba kusuntha chiwongolero, mawa mudzasuntha injini, mapeto ake mudzatipatsa kagalimoto kopitira ku ukwati. Bulu ndi wa amuna olimba. Umboni ndi uwu." Analoza achimwene. "Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, koma taonani mmene akhalira, kuwongoka ngati mzati."

Anthu anawombanso m'manja, ambiri mwa iwo mitima itakhala pansi kuti apulumuka. Ine magazi anandiwira. Ndikanatha kuloza mmodzimmodzi amene amagula mafuta opaka msana kwa ine, koma nane ntchito yanga sindiloledwa kuulula odwala.

Injiniya anadikira kuti phokoso lithe. Kenako anafunsa mofatsa, "Mayi, masiponji ndawaona. Koma kumene ndikupita akandifunsa za anthu, osati za siponji. Kusuntha chiwongolero ndi ntchito yaikulu. Kodi mukudziwa munthu ngakhale mmodzi amene mpando umenewu unamuvulaza?"

Alamu sanayang'ane kumene kunakhala amuna awo. Ndinawaonetsetsa, khosi lawo silinagwedezeke n'komwe. Anayang'ana masiponji awo nthawi yaitali.

"Ine sindine dokotala, mwana wanga," anatero. "Ndimangosoka."

Anayamba kutola masiponji n'kumawabwezera m'thumba. Bwana wa tayi anayang'ana wotchi. Ndinagwada kuti ndiwathandize, ndipo mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa ndinaona kuti asankha amuna awo n'kutaya nkhani yonse, ndipo sindinathe kuwaimba mlandu.

Kenako mpando wapulasitiki unalira pa matailosi.

Achimwene ankadzuka. Ine kudzuka kumeneko ndinali nditakuona kambirimbiri, koma anthu a m'chipindamo anali asanakuonepo. Anayamba ndi kusendera m'mphepete mwa mpando. Anatembenuzira thupi lonse mbali imodzi, dzanja lina pabondo, lina likufufuza chogwira, mpaka linapeza mkono wa a Tcheya. Anadzikankha, n'kuima pakati panjira atawerama, ataluma mano, thukuta lili pachipumi. Anapuma. Kenako anawongoka pang'onopang'ono, fupa ndi fupa. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji, koma palibe anatsokomola.

"Mwaona?" anatero atapeza mpweya. "Kudzuka kwanga ndi kumeneko. Maso anga alibe vuto. Ndinasiya kuyendetsa chifukwa cha msana. Zaka zisanu ndi zinayi nsapato izi amandimangira ndi mayi awa." Anayang'ana injiniya. "Lembani, mwana wanga. Mumafuna munthu, ndi ineyo. Bulu ndimamukonda, ndipo akadzabwerera ndidzapita kukamusisita. Koma anzangawa ndinawaphunzitsa kuwoloka mitsinje, osawauza kuti mpando ukuwadya. Pamenepo ndinalakwa."

Wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko, koma chikatseguka amatulukirapo ambiri. Dokotala wa ziweto anavala magalasi n'kunena kuti yachinayi ija ndi yake, waizindikira ndi pamene anaiwotcha ndi ndudu. Mlimi uja anati iye amagona pathabwa. Wina wa zaka zosakwana makumi anayi anati mwendo wake umachita dzanzi akayenda ulendo wautali, ndipo ankaganiza kuti ndi iye yekha. A Tcheya anali chiimire, mkono wawo udakali m'dzanja la achimwene. Pomaliza anakanda pamutu.

"Mayi," anatero, "yaikulu kwambiri ija, yakumapeto. Musaitaye."

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko, ngakhale bwana wa tayi anaiwala wotchi. Nsalu ija anaitembenuza, n'kulemba kuseri kwake: Bulu abwerere, koma mpando ndi chiwongolero zikonzedwe. Alamu sanaseke nawo. Anali chigwadire pansi, thumba lili m'manja, akuyang'ana amuna awo, amene anali chiimire chifukwa kukhalanso pansi inali ntchito ina.

Injiniya uja wabwera kushopu kawiri chichitikireni zimenezo. Anayeza masiponji ndi tizipangizo take, anajambula mapatani, ndipo anakangana ndi alamu ola lathunthu pa nkhani ya kulimba kwa siponji, mpaka anavomera kuti buku lake silinakhalepo pa bampu. Kampani sinagamule mpaka pano. Mukandifunsa ine, ndikuti abwerere, chifukwa misewu imene inkafuna Bulu sinasamukire kulikonse, ndipo dokotala wa ziweto akufunikabe kumidzi kuja. Koma abwerere atamva zimene misana ya anthu ake yanena.

Za kampani tidzamva nthawi yake ikadzakwana. Kwa alamu nkhani inali isanathe, chifukwa pobwerera kumsonkhano achimwene sanalankhule, Lamulungu lonse anagona, ndipo Lolemba alamu anatsegula shopu asakudziwa ngati akhululukidwa. Cha m'ma leveni achimwene analowa m'sitolo mwathu, muli makasitomala anayi.

"Iwe," anatero, "ndodo mumagulitsa muno?"

Ndinatulutsa zitatu. Yachitsulo anaikana, ati ndi ya odwala. Yakuda anaikana, ati ndi ya abusa opuma. Anasankha yamtengo, yokhota pogwirira, n'kuigogoda pansi kawiri ngati akuyesa tayala. Ndinasiyira mnzanga kauntala n'kuwaperekeza. Msewu wathu ndi waufupi, koma tinauyenda nthawi yaitali, chifukwa aliyense amene anayang'ana ndodoyo achimwene ankaima n'kumupatsa moni.

Alamu anamva kugogoda panja n'kuimitsa makina. Anatuluka ulusi uli pamilomo, n'kuima pakhomo. Anayang'ana ndodo, anayang'ana amuna awo.

"Tsekani shopu, mayi," anatero achimwene. "Mundiperekeze kuchipatala, akandione bwinobwino. Koma tiziyenda pang'onopang'ono. Msana ukundipweteka."

Ananena mokweza, pamsewu, ogulitsa matayala akumva, ngati munthu wonena kuti kukubwera mvula. Alamu analavula ulusi, anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kulowa kukatenga loko. Chikopa chimene ankasoka chinatsala pamakina, singano ili momwemo, ndipo anatseka shopu dzuwa lili pamutu.